A Chakufwa ndi Dzina Losakwana M'chipinda

Ku Nsaru kuno aliyense akudziwa kuti malemu a Chakufwa ankadana ndi mzere wokhota. Chimanga chawo chinkaima ngati asilikali, ndipo nsapato za alendo pakhomo ankayamba azifoletsa asanapereke moni.

Atapuma ntchito ku ofesi ya zaulimi anabwera ndi kompyuta yakale, ya galasi lakuda ndi zilembo zobiriwira. Ankailembera okha malamulo, iyo n'kutulutsa mndandanda wa alimi a kalabu yathu: dzina m'chipinda chake, mudzi m'chipinda chake, makilo a mbewu m'chipinda chake, pakati pali makoma a timizere towongoka. Chipinda cha dzina anachipatsa malo a zilembo khumi ndi ziwiri. Dzina likapitirira pamenepo kompyuta inkalidula, iwo n'kumaiyamikira kuti ili ndi mwambo.

Chaka china mbewu ya mtedza itafika, mlangizi anabweza mai Zelifa Kamchitete, mayi wamasiye, chifukwa papepala panali "Zelifa Kamch" pamene pachitupa chawo panali dzina lathunthu. Mvula inali itagwa kale, ndipo galimoto ya mbewu inkabwerera tsiku lomwelo.

Mai Zelifa anafika kwa a Chakufwa atamanga chitenje m'chiuno.

"Achimwene, dzina la malemu amuna anga mwapita nalo kuti?"

"Lilipo, mayi. Kungoti latalika kuposa chipinda."

"Zaka makumi atatu lakhala likukwana m'nyumba yanga ya udzu. Likanike m'kabokosi kanuka?"

"Ndikasuntha khoma lanu, mizere yonse ikhota."

"Ikhote. Mizere yanuyo ana anga adya?"

A Chakufwa anavula chipewa n'kuyamba kugogoda mabatani, thukuta lili kamukamu. Anaiphunzitsa kompyuta kuti iziyamba yayeza dzina lalitali kuposa onse, kenako izimanga makoma. Pepala litatuluka, dzina linali lathunthu ndipo palibe mzere umene unakhota. Anakwera njinga kukalipereka okha, mai Zelifa ali pakaliyala akuwakalipira kuti akupalasa ngati akupita kumaliro. Galimoto anaipeza italiza kale injini. Mtedza unadzalidwa m'mawa mwake.

A Chakufwa tinawaika m'manda chaka chatha. Masiku ano mndandanda umabwera pa foni, mayina ali piringupiringu. Tsiku logawa mbewu, mai Zelifa asanasaine amayendetsabe chala pa dzina lawo mpaka kumapeto. Lonse limakhalapo. Amaima pang'ono ngati akufuna wina woti akangane naye, kenako amasenza thumba lawo n'kumapita.