Mwendo wa a Fletcher

Zaka zimene zija, mukafika pa Mkanda n'kuwatchula a Fletcher Mbewe kuti mlimi, mumakhala mwaputa mavu. Kulima ankalima ndithu, mtedza ndi kafodya pang'ono, koma eni akewo ankati ntchito yawo yeniyeni inali yosewera mafilimu a ku Amereka. Khasu linali longotayitsira nthawi podikira kuti azungu awaitanenso.

Nkhani yake inali yotere. Ali mnyamata anapita ku Harare kukagwira ntchito yophika. Kumeneko kunabwera Aamereka kudzajambula filimu ya nkhondo, ndipo ankafuna anthu oti aziwomberedwa. Azunguwo anawaveka a Fletcher yunifolomu, kuwakweza pa lole, mfuti n'kulira, iwo n'kugwa. Basi, zinathera pomwepo. Koma kuyambira tsikulo chipewa cha khonde ndi magalasi akuda sizinachokenso pamutu pawo, ngakhale popalira.

"Bambo, magalasi anuwo akukuzulitsani mtedza m'malo mwa udzu," ankatero akazi awo, a Esitele.

"Mayi, munthu wotchuka saonetsa maso pagulu."

"Gulu lake liti? Mbuzizi?"

Matipate atabwera, a Saidu a golosale anagula jenereta n'kutsegula vidiyo kuseri kwa sitolo yawo. Masana ena anaika tepi yomwe anaipeza ku Chipata. Filimu ili mkati, a Fletcher anadzambatuka pa benchi.

"Imitsani! Ndine uyo!"

A Saidu anabweza tepi. Anthu onse maso tong'o. Lole inadutsa, fumbi koboo, ndipo pakona pa galasi la kanema panaoneka mwendo umodzi uli m'mwamba, wovala jombo.

"Nanga nkhope ili kuti?" anafunsa a Maliko, otsogolera kwaya.

"Nkhope ya chiyani? Mwendo umenewo Amereka yense anauona. Wanuwo wafika kuti, kupatula ku Chipata kokagula sopo?"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, koma a Fletcher sanasunthike. Anabwezetsa tepiyo mpaka jenereta inatha mafuta.

Kutchalitchi nako anthu anaona zakuda ndi a Fletcher. Pa sewero la Davide ndi Goliati anawapatsa u Goliati, a Maliko n'kukhala Davide. Davide anaponya chitsononkho, chinamenya pamphumi penipeni. Goliati anangokonza magalasi.

"Igwanitu," ananong'ona a Maliko.

"Ndi chitsononkho? Ine ndinagwa ndi mfuti ya mzungu."

Davide anaponyanso, n'kuponyanso, thukuta kamukamu, uku Goliati akuyendayenda kunyoza Aisraeli ndi mawu amene m'Baibulo mulibe. Mpaka abusa anaimirira.

"A Mbewe, Malemba akuti mugwe."

"Poti mwanena ndi inu, abusa."

Kugwa kwake kumeneko! Anadzandira kuchokera kuguwa mpaka kukhomo, kubwereranso, kutsanzika abale a ku Filisitiya mmodzimmodzi, kenako n'kukagwera pa benchi ya amayi a mvano. Anthu anaiwala kuti wopambana anali Davide.

Koma tsiku limene pa Mkanda samaliiwala ndi la nthawi ya kampeni. Linali tsiku la msika, dzuwa lili paliwombo, pamene anyamata a chipani china anafika pa pikapu, zibonga m'manja. Ankafuna a Saidu akweze mbendera yawo pa sitolo. A Saidu anayankha mwaulemu kuti iwo amagulitsa mchere kwa aliyense, wa chipani chilichonse. Mtsogoleri wa anyamatawo, Vitus, anati ngati ndi choncho aphwanya kanemayo. Msika wonse unangoti zii. Ogulitsa tomato anayamba kuyang'ana tomato wawo ngati sanamuonepo.

A Fletcher anatsamiritsa njinga pamtengo, n'kukaima pakhomo pa vidiyo, miyendo tang'a.

"Madala, chokani," anatero Vitus.

"Mwana iwe, ife makadi a chipani tinagula okwanira. Tinavota kuti zokakamizanazi zithe. Mbendera yakoyo kakweze pa chimbudzi cha kwanu."

Vitus anawakankha pachifuwa, ndipo amene anaona amati kunali kukankha kosagwetsa ngakhale nkhuku. A Fletcher anagwira pamtima, kuzungulira kamodzi, n'kugwa chagada pa fumbi, thapsa! Mwendo unanjenjemera pang'ono, kenako zii.

A Esitele, amene ankagulitsa zitumbuwa chapafupi, anataya beseni n'kuyamba kudzigubuduza.

"Mayo ine! Mwandiphera mwamuna! Vitus mwana wa a Luwiza, ndakuona ndi maso angawa!"

Msika umene unali chete uja unadzuka ngati njuchi. Amayi ananyamula nkhuni, abambo mapampu a njinga. Pikapu inanyamuka ena akali kulendewera kumbuyo, n'kusiya mbendera ndi nsapato imodzi. Fumbi litatha, maliro anatsegula diso.

"Mayi, mwalira bwino, koma munachedwa kuyamba."

Patapita masiku kunabwera uthenga woti a Fletcher akapepese kwa bwana wa chipanicho, apo ayi nyumba yawo iona moto. A Esitele anachita mantha enieni, a Saidu nawo anawachonderera kuti angopita. A Fletcher anamuyang'ana wobweretsa uthengayo kudzera pamwamba pa magalasi.

"Kawauzeni kuti maliro sapepesa."

Ndipo sanapite. Nyumba sinapse, kanema wa a Saidu sanaphwanyidwe.

Chimene chinawagonjetsa a Fletcher ndi chifuwa, zaka zingapo pambuyo pake. Anaonda mpaka chipewa chinayamba kuwatsikira m'makutu. Tsiku lowatengera kuchipatala anawayalira mphasa m'ngolo kuti agone, iwo anakana. Anakhala tsonga, atatsamira mkazi wawo, n'kumakwezera dzanja aliyense wa m'mbali mwa msewu. Anthu anayankha moseka, koma ngolo itadutsa, ambiri anapukuta m'maso. A Fletcher sanabwereko ndi moyo.

Lero pa Mkanda msika ukadali pomwepo, njinga zikadali mbwee. Akabwera akuluakulu a ndale, anthu amaomba m'manja, kuvomera zonse, n'kukadandaulira kunyumba. A Esitele amakhala pa beseni lawo la zitumbuwa n'kumangowayang'ana. Tsiku lina a Saidu anawafunsa chimene chinkawasowetsa mtendere.

"Anthu a kuno mwachita kunyanya ulemu," anayankha. "Dzuwa mpaka kulowa, osamvako munthu ndi mmodzi yemwe akuti ayi."