Mmene Ndinanenerera Masheya pa Kompyuta ya ku Biwi

Amene akuti ndine wabodza adzuke pompano, achoke pakhonde langa lino akaime pamvulapo, chifukwa nkhani iyi sindiuza anthu opotoza milomo. Iwe ukuseka kumapetoko, unali usanamere ndevu pamene ine ndinkagwedeza msika wa masheya wa ku Amerika nditakhala pampando wapulasitiki ku Biwi. Ndikulumbira, ndipo Anangozo, mayi a m'nyumba muno, ali mkatimu, mukhoza kukawafunsa, bola musawafunse zonse.

Chaka chimene ndinapuma ntchito yaumesenjala ku Kapitolo, nyumba ino inali sefa. Malata ake anali atabooka moti mvula ikayamba tinkathawira panja kuti tisanyowe, abakha a aneba ankabwera kudzasambira pabalaza, ndipo tsiku lina ndinaona chule akutuluka kuchipinda kwathu akudandaula chinyezi. Nditalandira envelopu yanga yopumira ntchito, Anangozo ananena kamodzi kokha kuti imeneyo ndi ya malata, mvula isanabwere. Ndinavomera ndi pakamwa. Mumtimamu ndinali nditamva kale m'minibasi kuti azungu salima, amangodina kompyuta ndalama n'kumaswana zokha.

Ndiye ndinavala jekete, envelopu m'thumba lamkati, ulendo wa ku Biwi kwa Anachisale, mayi wamasiye amene anagwirapo ntchito kubanki kenako n'kutsegula kashopu ka intaneti ka makompyuta anayi. Mayi ameneyu Mulungu amudalitse, chifukwa mafunso amene ndinamufunsa akanakhala munthu wina akanandithira madzi. Ndinafunsa kuti sheya ndi chiyani, anati ndi kachigawo ka kampani. Ndinafunsa kuti ndikagula kachigawoko ndikakatenge kuti, ndipo ndibwere ndi wilibala kapena ngolo, anati katundu wake sanyamulidwa, amangolembedwa dzina lako. Ndinafunsa kuti wogulitsayo ali kuti kuti ndimuone nkhope, anati pali dobadoba wa pa intaneti amene amakugulira n'kudulapo kake. Ndinafunsa kuti nanga kampani yanga ikafa, anati ndiye ugule dengu, muli makampani ambirimbiri pamtengo umodzi, ngati mulu wosakaniza tomato, anyezi ndi mpiru, kuti tomato akaola anyezi atsale. Ndinafunsa za basela. Anayang'ana kudenga, anati basela kulibe.

Apo ndinadziwa kuti azungu sanakumanepo ndi mwana wa ku Ntcheu wokulira pamsika wa Lizulu. Mukumva? Ndinadina batani, kunatuluka kadirowa kaja koikamo sidi, ine n'kupindira envelopu yanga momwemo, n'kukankha kuti ipite ku Amerika. Anachisale anayang'ana kadirowako, n'kuyang'ana ine.

“Bambo, tapitani mukagule mandasi panjapo,” anatero. “Pobwera mupeza zalowa.”

Pobwera ndinapezadi kadirowa kali pululu, ndipo pagalasi la kompyuta panali dzina langa ndi maziro ondondozana ngati mazira a nkhanga.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa nzeru iyi sindinaiuzepo munthu. Pa Lizulu, wogulitsa akakana mtengo wako sukangana naye, umangotembenuka n'kuyamba kuchoka, ndipo usanafike pamsewu amakuitana yekha. Ndinachita zomwezo. Kompyuta itandiuza mtengo wa dengu ndinapukusa mutu, ndinatsonya, ndinadzuka n'kukaima pakhomo nditaipatsa msana, ndipo nditacheuka mtengo unali utatsika! Mawa lake ndinayenda mpaka pasiteji, unatsika kawiri, mkuja wake ndinakafika ku Mchesi n'kukacheza ndi okhoma mabokosi, ndipo pobwera ndinapeza kompyuta ikutuluka thukuta, mausi akunjenjemera patebulo, mitengo itagwada pansi ikundichonderera, ine n'kugula dengu la makampani a mafuta, dengu la makampani a ndege, dengu la migodi, mpaka madengu anadzaza kompyuta yoyamba n'kusefukira mu yachiwiri, mwana wasukulu amene ankalemba kalata pamenepo n'kupeza kuti ali ndi sitima yapamadzi. Basela ndinamupeza ndithu, anandiikira kampani yopanga maambulera.

Mbiri inamveka. Azungu a kumeneko analemba munthu ntchito yongoyang'anira nsapato zanga, ndikamanga zingwe msika wonse unkagwira mtima, ndikayetsemula mtengo wa mkuwa unkadumpha, ndikapita kokataya madzi ankatseka msika mpaka ndibwere. Magetsi akathima ku Biwi ndinkagwira chingwe cha kompyuta ndi mano n'kumapitiriza malonda ndi mphamvu ya m'thupi mwangamu, mpaka pano dzino ili limawala kukachita mitambo. Milungu itatu ya malonda amenewa kunyumba ndinkayenda ngati nduna. Anangozo akafunsa za malata ndinkati dikirani, ndikufolerani ndi galasi, ndipo iwo ankangoti chabwino bambo, n'kupitiriza kusita. Kufatsa kumeneko kunayenera kundidabwitsa.

Tsiku latsoka linafika mitambo itayamba kale kusonkhana cha ku Dedza. Ndinati lero ndiwaonetsa kunenerera kwenikweni, atsitse mpaka pansi. Ndinaipatsa kompyuta msana, ndinatuluka, ndinadutsa pasiteji, ndinadutsa Nathenje, ndinadutsa Linthipe osacheuka, ndinakwera phiri la Dedza n'kutsikira kuseri, ndinakafika pa Lizulu penipeni n'kugula kabichi mmodzi, n'kubwerera wapansi dzuwa lisanafike pamutu. Mukumva? Munamva pawailesi chaka chimenecho kuti mabanki akuluakulu a kunja agwa, anthu achotsedwa ntchito, mapulezidenti akuchita misonkhano osagona. Ndinali ine ndi kabichi wanga.

Ndinalowa m'shopu ndikuseka, ndinapeza galasi lonse lili psuu, chilichonse chatsika. Ndinawomba m'manja. Anachisale anandifunsa mofatsa kuti ndikusangalalira chiyani, popeza katundu amene watsika mtengoyo ndi wanga. Abale anga, ndinakhala pansi. Pa Lizulu umachoka usanagule. Ine ndinali nditagula kale msika wonse, n'kupita kukanenerera katundu wanga yemwe, mpaka madengu onse pamodzi osakwana kugula msomali umodzi wa malata. Ngakhale anyezi uja anaola.

Kuchoka ku Biwi kufika ku Kawale kuno si patali, koma ine amene ndinapita ku Ntcheu n'kubwerako m'mawa umodzi ndinayenda maola atatu. Apa sindikuwonjezera. Ndinkaganiza za zaka zonse zimene ndinanyamula mafayilo pamasitepe, za Anangozo akutchera mabeseni ndi mapoto pabedi chaka chinanso, za mawu amene ndikayambire. Ndinachita manyazi, ndinachita mantha, ndipo kumwamba kunayamba kugunda.

Nditakhota pa chigayo ndinamva kugunda kwina, kwa hamala. Pamwamba pa nyumba yanga panali amisiri awiri, malata akale ali mulu pansi, atsopano akuthobwa m'maso. Anangozo anaima pabwalo manja ali m'chiuno.

“Mwabwera, abwana a ku Amerika? Gwirani makwerero awo, mvula ikubwera.”

Ndinagwira makwerero. Ndili chigwirire, anandiuza kuti envelopu ija sinapite ku Amerika. Inatuluka m'kadirowa ine ndikusankha mandasi, inalowa m'chikwama cha Anachisale, ndipo madzulo omwewo inafika kukwaya, kumene Anachisale ndi Anangozo amaimba mzere umodzi. Malata anagulidwa mawa lake, n'kukabisidwa kuseri kwa tchalitchi kudikira amisiri. Nanga maziro aja? Anachisale ananditsegulira akaunti ya ophunzira, yoyeserera, imene dobadoba amapatsa aliyense wongoyamba kumene kuti aluze ndalama zamasewera asanaluze zenizeni. Akuti anandiuza kawiri konse, koma ine ndinali kalikiliki kufunsa za basela.

Ndinalira, ndipo sindibisa. Msomali womaliza utangolowa mvula inakhuthuka, ine ndinaima pakati pa balaza ndikuyembekeza dontho pamutu, dontho osabwera. Lamulungu lotsatira ndinapita kwa Anachisale nditanyamula tambala, ndinagwada pasimenti pamaso pa makasitomala onse, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pa Biwi ndimavula chipewa ngakhale pamalopo pano akumetapo tsitsi. Amayi awiri amenewa anandipulumutsa kwa ine mwini, osandichititsa manyazi pagulu. Manyaziwo ndimadzichititsa ndekha ndikamafotokoza.

Ndiye inde, ndalama zinali zabodza, ndavomera, lekani kugwa m'mipando. Koma za kugwetsa mabanki sindibweza, ndipo mu Lilongwe yense mundipezere munthu wina amene analuza chuma chake chonse pa masheya n'kufika kunyumba kupeza denga latsopano. Iwe wakumapeto uja, takweza mutu. Mvula yagwa chiyambire nkhani ino. Wanyowa?