Layisensi Ili pa Positi, Mkwatibwi Ali M'dambo

Mlamu wanga Esinati, mng'ono wa mkazi wanga, ali ndi zidzukulu tsopano, koma mpaka lero sakwera galimoto imene ndikuyendetsa ine. Sindimuimba mlandu.

Zinachitika nthawi ya Chitaganya, kuno ku Kafue, kumene makolo anga anakhazikika atachoka ku Nyasalande. Ndinali ndi kalole kakale kamene ndinagula kwa mzungu wina wa pafamu, ndipo ndinkanyamulira nsomba za asodzi a kumtsinje kupita nazo ku Lusaka. Masiku amenewo munthu wakuda wokhala ndi galimoto ankachita kulozedwa ndi chala, ndiye inenso ndinkayenda mapewa ali m'mwamba (ngakhale kuti chitseko cha kumanzere ndinkachimanga ndi waya).

Msonkho wa galimoto ukatha, munthu unkapita kuboma kukalipira, n'kupatsidwa kapepala kozungulira komata pagalasi lakutsogolo. Ife tinkangoti layisensi. Chaka chimenecho ndinalipira ndithu, koma kalaliki anandipatsa lisiti lokha, n'kunena kuti kapepalako kabwera pa positi. Ndinamufunsa ngati ndingamayende pamsewu podikira. Iye anati ntchito yake n'kulandira ndalama, za pamsewu n'za apolisi. Apolisiwo sindinakawafunse. (Munthu sudzitengera wekha kupolisi kukawauza kuti pagalasi pako pali kapepala kotha ntchito.)

M'malo mwake ndinafunsa anthu anzeru. Ba Mumba, mnansi wanga wogwira ntchito kunjanji, sanachedwe n'kuyankha komwe.

"Ah, kulibe mulandu. Muli na lisiti, yendani chabe. Boma yadya kale ndalama zanu."

Mkulu wa mpingo wathu anapukusa mutu. "Ayi mwanawe. Chiphaso chimafunika chioneke pagalasi. Lisiti la m'thumba wapolisi aliona bwanji galimoto ikuthamanga?"

Onse awiri analankhula motsimikiza kwambiri, ndipo onse awiri anali asanagwirepo chiwongolero chibadwire.

Ndinaimika kalole pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kuzungulira kupositi, mpaka kalaliki wakumeneko anafika pomangondipukusira mutu pawindo ndisanalowe n'komwe. Kenaka linakwana Loweruka la ukwati wa Esinati. Ndinali nditalonjeza kalekale kuti mkwatibwi ndidzamunyamula ndine, kuchokera kwa azakhali ake kufupi ndi mtsinje mpaka kutchalitchi. Nditayesa kuitchula nkhani ya layisensi, mkazi wanga anandidula pakamwa.

"Bambo, mng'ono wanga ayende pansi m'matope muno galimoto ili pakhomo? Anthu adzati chiyani?"

Apa m'pamene ndinaganiza nzeru. Inali nthawi ya mvula, galimoto iliyonse inali mbuu ndi matope. Ndinatapa matope n'kumata pakona pa galasi, pomwe panali layisensi yakale. Wapolisi akaona, angoti ndi za m'njira. Chimene sindinachiwerengere n'chakuti m'mawa mwake mkazi wanga ndi amayi anzake anakatsuka kaloleko mpaka kuwala, n'kukamangirira maluwa ndi nsalu zoyera. Atapita kukavala, ndinatapanso matope ena n'kumata. Ndiye taganizani: galimoto yoyera mbee, yamaluwa, ili ndi chibuma chimodzi chokha chozungulira bwinobwino ngati chitumbuwa.

Kwa azakhali tinafika bwino. Esinati anakhala kutsogolo ndi azakhali akewo, diresi loyera atalikwinyira pamiyendo. Kumbuyo kunadzaza amayi, mkazi wanga ali pakati pawo, nyimbo ndi nthungululu zili pakamwa. Lisiti linali m'thumba la malaya, ndipo ndinkaligwiragwira ngati chithumwa.

Tikuyandikira pamphambano ya msewu waukulu, ndinamuona. Wapolisi, kabudula wa khaki wosita bwino, nsapato zonyezimira. Anayang'ana kalole kathu, n'kutsikira mumsewu, n'kukweza dzanja.

Kunena zoona, sindinaganize chilichonse. Manja anangochita okha. Kumanja kunali kanjira ka ng'ombe kodutsa m'dambo, ndipo ndinapezeka ndakhotera komweko.

"Ba mulamu, chechi ili uku!" anakuwa Esinati.

"Ni shotikati iyi," ndinatero ine.

Kanjirako ndinkakadziwa, koma ndinkakadziwa m'chilimwe. Tinayenda pang'ono, udzu ukukwapula magalasi, kenaka kutsogolo kunamveka chiphokoso, kalole n'kugwada. Nyimbo kumbuyo inathera pakati pa vesi. Ndinaponda moto, mateyala n'kumangozungulira pamodzimodzi. Amayi anatsika kuti akankhe, ine n'kupondanso moto, matope onse a dambolo n'kuthera pa zovala zawo za ukwati. Kenaka munayamba kununkha ngati nsanza zikupsa. (Inali kilachi imeneyo, koma ndinawauza kuti ndi mmene imachitira ikamakoka.)

Esinati anatsika kuti diresi lisagwire utsi. Mwendo unalowa mpaka m'bondo, ndipo unatuluka wopanda nsapato. Nsapato imeneyo sinapezeke.

Nditacheuka ndinaona wapolisi uja akubwera wapansi, akutsata mikwaso ya mateyala, masokosi ali thope lokhalokha. Kothawira kunalibe. Ndinatsika n'kuvula chipewa.

"Muli shani, ba draiva?" anandilonjera akupuma mwawefuwefu. "Nanga mwanithaba chifukwa chani?"

Ndisanayankhe, azakhali anasuzumira pawindo. "Kodi si a Daka awa?"

Anali a Daka ndithu, mkulu wake wa mkwati. Anali atangoweruka kuntchito, ndipo achibale awo anawauza kuti aime pamphambano, galimoto ya mkwatibwi iwatenga.

"Nenze kufuna chabe lifti," anatero.

Munthu wanzeru akanakhala chete pamenepo. Ine ndinasolola lisiti ndi zala zamatope n'kuyamba kufotokoza zonse, za kuboma, za kupositi, za Ba Mumba, nkhani imene palibe anandifunsa. A Daka anamvetsera, kenaka anapita pagalasi, n'kupala chibuma chija ndi chala chachikulu. Anawerenga kapepala kakale kaja, n'kundiyang'ana.

"Iyi inasila," anatero, kutanthauza kuti inatha ntchito.

"Nalipira, bwana. Yatsopano ili ku positi. Manje nifunseko, lamulo ikamba bwanji? Ningayende olo iyayi?"

Anayang'ana mateyala omira, amayi amatope, mkwatibwi ataima ndi mwendo umodzi atagwira phewa la mkazi wanga.

"Tikanakhala pa museu, sembe nakuyankhani," anatero. "Apa muli mu dambo. Mu dambo simufunika layisensi, mufunika ng'ombe."

Ng'ombezo anakazipeza okha, kwa mlimi wina wa Chitonga tsidya la dambolo. Anabwera ndi ngolo, ndipo mkwatibwi ndi azakhali anakwera momwemo, amayi n'kumatsatira pambuyo, opanda nyimbo. Mkazi wanga anandidutsa osandiyang'ana. Ine ndinatsala ndi kalole kudikira kuti ng'ombe zibwerenso, choncho ukwatiwo sindinauone. Ndinangomva kuti abusa anali atavula kale mkanjo, mkwati atakhala kuseri kwa tchalitchi akuganiza kuti amuthawa, ndipo Esinati analumbira atavala nsapato za azakhali ake zomukulira. Madzulo kuphwando nshima anandipatsa ndithu, koma mbale anangoikankhira kwa ine ndi nsonga za zala.

A Daka sanandilembe mlandu. Tinasanduka achibale, ndipo pamaliro ndi pamaukwati tinkakhala benchi limodzi. Funso lija ndinawafunsanso kangapo, iwo n'kumangoseka mpaka kutsokomola. Anamwalira asanandiyankhe.

Layisensi inafika sabata yotsatira. Koma kilachi inali itapsa, sipuling'i yakutsogolo itathyoka, ndipo makanika anati zitsulo zake n'zochita kuitanitsa ku Bulawayo. Kapepala katsopanoko ndinakamata pagalasi mosamala kwambiri, kalole kali pamiyala kuseri kwa nyumba. Kaloleko kanakhala pamenepo mpaka mvula inatha, chimanga chinakololedwa, kali kololedwa kuyenda msewu uliwonse kuyambira ku Livingstone mpaka ku Ndola, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala.

Kuyambira pamenepo, wapolisi akakweza dzanja ndimaima n'kumva kaye chimene akufuna. Kungoti mkazi wanga amati ndimaima mopitirira. Tsiku lina ndinaimira wapolisi amene ankangoingitsa ntchentche.