Tsiku Limene a Isaki Anasuta Namondwe

Tcherani khutu, inu a ku Chileka, nanunso a ku Lirangwe! M'zaka za Chitaganya, pamene amuna enieni ankamenyera dziko n'kumagona m'ndende, kunabuka nkhondo ina imene olemba mbiri anachita nayo manyazi: nkhondo ya pepala limodzi.

Ngwazi yake inali Fanuel, Mkango wa Tsache, Mgonjetsi wa Fumbi, amene anasesa bwalo la ndege la Chileka zaka khumi osapondamo m'ndege ngakhale ndi chala. Ana a azungu ankataya m'chipinda chodikirira timabuku ta zithunzi, ta chimunthu chouluka popanda mapiko, chinsalu chobiriwira chikukupiza kumsana. Chizungu Fanuel sankachiwerenga, choncho dzina anachipatsa yekha: Namondwe. Bambo wa ana anayi, imvi zitayamba kale, ankabisa timabukuto m'malaya ngati chithumwa. Ankadziwa yekha kuti n'zachibwana. Koma bwana akamukuwira kuti "Boyi!", iye mumtima ankati, "Namondwe wamva," tsache n'kupepuka.

Loweruka lina anapalasa njinga kupita kwa mkazi wake Magret ku Lirangwe, kabuku katsopano kali pachifuwa. M'menemo adani anali atamanga Namondwe ndi unyolo pa njanji, sitima ikubwera. Tsamba lomaliza Fanuel sanalitsegule. Analisungira mawa, monga munthu amasungira nthuli yonona.

Pochokera kutchalitchi mawa lakelo, ogo! Tsamba lija palibe. Pakhonde panali mlamu wake Isaki, mlongo wa Magret, Ng'anjo ya Lirangwe, Mwini Mphuno Zofuka, akupopa chingambwe chokulunga m'pepala lobiriwira.

"Alamu!" anabangula Mkango wa Tsache. "Mwasuta ndani?"

"Fodya, alamu. Pepala lake n'lofewa bwino, mudzabweretsenso."

Pamenepo Fanuel anakweza dzanja, nkhuku zonse n'kubalalika. "Imvani, dziko! Mbuzi yanu itadya thalauza langa ndinapirira. Mutabweza njinga yanga yopanda belu ndinapirira. Koma lero mwawotcha munthu ali chimangire! Ndikupita kwa ankhoswe!"

"Ankhoswe ake ndine," anatero Isaki, utsi uli tolo.

Motero magulu awiri ankhondo, lililonse la munthu mmodzi, anatha masabata atatu osapatsana moni. Fanuel anafufuza m'nkhuti zonse za pa Chileka, koma kabuku ngati kaja sikanapezekenso. Bwana akakuwa, panalibenso womva, pakuti Namondwe anali akadagona pa njanji. Mkango unawonda, abale, unawondera chithunzi!

Magret zinamukwana. Anawakhazika pansi pa mtengo wa mango, n'kuika pakati pawo kachiduswa ka ndudu ija, kamene anakatola posesa. Pa pepala lake pankaoneka miyendo yokha.

"Madoda awiri athunthu kulimbirana chidole cha papepala! Muthane pompano, ndatopa kunyamula moni wanu."

Fanuel anakonzeka kubangula, koma mawu anatuluka aang'ono. "Alamu, tsambalo munaliona ndinu nokha. Ndiuzeni chilungamo. Sitima inamuponda?"

Isaki anayamba kuseka, koma atayang'ana maso a mlamu wakeyo anasiya. Anakanda m'mutu nthawi yaitali.

"Alamu, utsi uja munauona kumene unalowera?"

"M'mwamba."

"Unapita ndi unyolo?"

"Ayi."

"Ndiye mukulira chiyani? Ndinamumasula ndine. Sitima inapeza njanji yokhayokha."

Fanuel anadziwa kuti limeneli ndi bodza lamkunkhuniza, kuti mlamuyo tsambalo sanaliyang'ane n'komwe. Koma analilandira ndi manja awiri, misozi ili lengelenge, ndipo anachita manyazi poona mmene mtima wake unakondwera.

Pangano la mtendere linali lakuti asutire limodzi kachiduswa kaja, kuti miyendo nayo itsatire mwini wake. Magret anabweretsa khala la moto. Fanuel, mkulu wa kwaya amene chibadwire anali asanalaweko fodya, anakoka kamodzi ndi mphamvu zake zonse. Anatsokomola mpaka agalu anauwa. Mtengo wa mango unazungulira, Lirangwe yense anatsalira pansi, ndipo Mgonjetsi wa Fumbi anagwa chagada pa mpando, miyendo m'mwamba.

"Magret! Ndikuuluka!"

"Ulukani, bambo," anatero Magret, "koma mukatere kutali ndi mtsuko wanga."