Keke Yodula Mokhota ya a Kwong

A Kwong, ophika makeke a mwezi pa Msewu wa Oluka Nsungwi, sankagulitsa keke kwa munthu asanamufunse kuti, "Muli angati kwanu?" Choipa chake chinali chakuti yankho ankalidziwa kuposa mwini banja.

Mwambo tonse tikuudziwa. Pa chikondwerero cha mwezi wathunthu keke imadulidwa molingana ndi anthu a m'banja, ndipo amene ali kutali chidutswa chake chimamudikira pambale. Akufa okha ndiwo sawerengedwa, popeza ali ndi mbale yawo paguwa la makolo. Ena mwambowu amangoutsata, koma a Kwong anausandutsa bwalo la milandu.

Chaka china aphunzitsi a Lok anafika pamzere atavala tayi.

"Tili asanu, malume."

"Asanu? Mwana wanu wamkazi uja anathawa ndi wokonza njinga anamwalira liti? Maliro sitinamve."

"Ameneyo si mwana wanga."

"Nanga mphuno ija anaibwereka kwa ndani? Muli asanu ndi mmodzi. Ngati simukufuna, kaguleni za m'sitolo zonunkha pulasitiki."

Aphunzitsi anatukwana chamumtima, koma anagula. Chaka chotsatira anabwera akunyadira kuti ali asanu ndi atatu, mkamwini wa njinga uja atanyamula khanda kumbuyo kwawo.

Koma si onse amene ankapita akuthokoza. A Tam, ogulitsa matailosi, analakwitsa kubwera ndi akazi awo.

"Anayi," anatero molimba mtima.

A Kwong anagogoda chikombole chawo cha mtengo patebulo, go! go! keke n'kugwa yosalala bwino.

"Anayiwo ndi a tsidya lino. Awiri a tsidya lija la mtsinje mudzawagulira padera?"

Mayi Tam anafunsa mwaulemu kwambiri kuti tsidya lija kuli ndani. Zokambirana zotsatira tinazimva msewu wonse kwa masiku atatu, ambulera n'kuthyoka.

Mayi Lan, akazi a Kwong, ankamva zonsezi ali kuseri, akusenda mazira a bakha othira mchere oika pakati pa makeke.

"Bambo inu, tsiku lina adzakuswani mutu ndi chikombole chanu chomwecho."

"Andiswe. Ine ndimawerenga anthu, sindiwabala."

Mayi Lan sankaseka nawo, chifukwa woweruza wa msewu wonseyu kwake kunkamukanika. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Waiman, ananenapo tsiku lina kuti agule makina ndipo ayese kuika chokoleti m'makeke. A Kwong anamufunsa ngati akufunanso kuti mwezi aupake penti. Mawu anakula, chikombole chinauluka, Waiman n'kukwera basi ya ku mzinda wa Shenzhen kukagwira ntchito pafakitale ya makeke omwewo. Kuyambira pamenepo a Kwong analetsa ngakhale kuitanidwa kuti bambo a Waiman.

Mayi Lan ankafuna chinthu chimodzi basi: chidutswa chachitatu pambale. Waiman anali atawauza pafoni kuti, "Amayi, tsiku limene adzadule zitatu, ndikwera basi." Choncho chaka ndi chaka pa tsiku la chikondwerero, dzuwa likamalowa, tiyi ali patebulo, mayiwo ankayesa mwayi.

"Bambo a Waiman, tili angati?"

"Dzina limenelo ndinakana. Tili awiri."

"Ana a anzanu mumawabweza kwawo, wanu anakulakwirani chiyani chachikulu?"

"Chokoleti."

Akatero ankadula pawiri. Ndipo taonani manyazi ake! Munthu amene ankadulira banja la a Leung zidutswa khumi ndi zitatu zofanana ndendende, osayeza, kwake ankadula mokhota ngati wakhungu. Chidutswa chimodzi chaching'ono, china chachikulu kawiri. Chaching'onocho ankapatsa akazi awo, chachikulu n'kudzitengera.

"Umbombo!" ankatero mayi Lan.

"Dzanja likunjenjemera. Ukalamba."

A Kwong ankadya theka lokha la chachikulucho, n'kukankhira mbale uko. "Ndakhuta." Mayi Lan akafuna kupatsa nkhuku chotsalacho, ankakalipa kuti, "Chisiyeni, ndidya mawa." Mawalo silinkafika. Chidutswa chinkauma gwa pambale mpaka nyerere zitachipeza. Mayi Lan ankaimba foni ndi mtima wowawa kuti, "Adulanso ziwiri, mwanangu." Zaka khumi ndi ziwiri zinatha choncho.

A Kwong anamwalira m'nyengo ya mvula, atakhala pampando, akupaka mafuta zikombole zawo. Kumaliro kunabwera mabanja onse amene anawawerengapo. Ngakhale a Tam anabwera, akazi awo awiri atakhala pamabenchi osiyana. Waiman anafika, anagwada, anayatsa lubani, koma maso ake anali ouma.

Tsopano msewu wathu uli zii. Phokoso la go! go! lija, limene tinkadandaula kuti likutidzutsa, tikulisowa. Makeke timagula m'mabokosi onyezimira, ndipo mtsikana wa pasitolo sakufunsa kanthu. Ukhoza kutaya m'bale wako chaka chonse popanda wokuchititsa manyazi pamzere. Ena amati ndi ufulu. Ine ndimaona kuti tasauka.

Chikondwerero chitafika, Waiman anabweranso ndi mkazi wake ndi kamtsikana kawo. Mayi Lan anali ataphika keke imodzi yokha ndi chikombole chakale chija. Anapereka mpeni kwa mwana wawo.

"Tili angati?"

"Anayi, amayi. Akufa sawerengedwa. Eni ake ankatero."

Anadula. Zidutswa zitatu zinatuluka zofanana, chachinayi chachikulu kawiri. Munthu wa pafakitale, wozolowera miyezo! Chachikulucho anadzitengera, osayang'ana munthu kumaso. Anadya theka n'kukankhira mbale chakumpando wopanda munthu uja.

"Ndakhuta."

"Adadi, ndidye ine?" kanafunsa kamtsikana.

"Chisiye. Ndidya mawa."

Mayi Lan anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Anakumbukira nkhuku, nyerere, ndi mafoni onse aja amene anaimba kunena kuti ziwiri. Anatsitsa kapu ya tiyi patebulo.

"Amayi, mwatani?"

"Nkhalamba yabodza ija," anatero, misozi ikutsika. "Waiman, bambo ako anakhuta chonchi zaka khumi ndi ziwiri."