A Jere Akuphunzira Chizungu Kuseri kwa Mpanda

Lolemba

A Jere alinso kwa Bana Mwansa. Lachisanu ali ndi intavyu kuntchito. Atopa kunyamula mabokosi, akufuna akhale kalaliki wa m'sitolo ya kampani. Ati Chizungu chawo chimapunthwa pa timawu ting'onoting'ono: on, for, to, at. Aphunzitsi atha m'Chamboli monse muno mpaka apeze wa kuseri kwa mpanda wathu? Wopanda mwamuna, wodzola mafuta onunkhira ngakhale popita kotaya zinyalala!

Ndili pampanda, ati ndikuyanika zovala. Zovalazo zinauma dzulo. Zomwe ndikumva:
"I depend on you."
"Look at me."
"I am waiting for you."
Mwamuna wanga akubwereza ngati mwana wa Sande sukulu. Ine zaka zonsezi sanandiuzepo kuti akundidikira, ngakhale m'Chinyanja.

Potuluka mayiyo akukuwa: "Mkazi mnzanga, abalume bandi ndakubwezera, kawadyetse mbewa zawo!" Mwamuna wanga ati ndi mwamuna wake, pamaso pa msewu wonse. Ndikuseka. Nanga nditani? Iye ndi Mbemba, ife ndife Angoni, ndiye ndi chimbuya. Mbuya wako akakunyoza umaseka, ukakwiya wopusa ndiwe. Ndikuseka ndi mano okha, nsanje ikundidya.

Ndaganiza. Timawu timeneti ndiphunzira ndekha, a Jere ndiziwaphunzitsa ine patebulo langa. Giredi naini ndinafika. Si masamu awa.

Lachiwiri

Kumsika wa Chisokone, pamakina anga osokera. Foni pantchafu, diresi ya mwini wake pasingano.

Look at, kuyang'ana. Look for, kufunafuna. Look after, kusamalira. Mawu amodzi, michira itatu! Azungu analibe chochita? Listen to. Laugh at. Ndikusakasaka lamulo lake, palibe. Foni ikuti ndingoloweza.

Dzanja la diresi ndasoka mozondoka. Mwini wake: "Amake Tisa, mukudwala kodi?" Ndikumasula ulusi wonse iye ali chiimire. Mabandulo andithera pa agree. Kaya ndi agree with, kaya ndi agree to, yankho latsalira m'foni momwemo.

Madzulo a Jere asamba, apesa ndevu. Ulendo wongozungulira mpanda mpaka kupesa ndevu?

Lachitatu

Sukulu yanga yatsegulidwa. Ndakazinga mtedza, ndaphika tiyi wamkaka, ndakhala moongoka ngati mphunzitsi wamkulu.

Ine: "You are married with me."
Iwo: "Bana Mwansa akuti ndi married to."
Ine: "Let us discuss about it."
Iwo: "Bana Mwansa akuti discuss alibe mchira."

Bana Mwansa akuti, Bana Mwansa akuti! Za ukwati wanga wodziwa bwino ndi iyeyo tsopano? Tiyi amwa, athokoza, ati ndayesetsa. Kenako akuthira mtedza wotsala m'thumba la jekete, ati kwa mphunzitsi sapita chimanjamanja.

Mtedza wanga!

Lachinayi

Ku chigwirizano cha amayi. Titaweruka ndikudandaula kwa Amayi Abusa. Akuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. "Ndi chimbuya chabe icho, amake Tisa. Pamaliro a apongozi anu, si iye uja anagwira mapoto onse, n'kukupakani ufa kumaso mpaka mwaseka muli pachisoni?"

Ndi iye. Ndiye chondiwawa chimenecho. Akanakhala woipa bwenzi ndikudana naye bwinobwino.

Njira ina: ndilowa nawo m'kalasi. Ndatenga siketi yopinda m'munsi kuti ndioneke wotanganidwa, ndakhala pakhomo pake. Bana Mwansa: "Eya, wafika mlonda! Imirira, nawenso ubwereze." Wandisankhira changachanga: "She worries about her husband." A Jere afa nazo kuseka, akumenya tebulo. Ndabwereza. Ndakhoza. Wandiombera m'manja, wandipatsa mtedza. Womwe uja.

Sukulu yanga yatsekedwa.

Lachisanu

M'mawa. A Jere akumanga tayi, akungotchula mwapatalipatali kuti malo alipo awiri: pano pa Kitwe, ndi kunthambi ya ku Ndola. Pano akulimbirana ambiri. Ku Ndola akusowa munthu mwamsanga, koma palibe akufunako.

Mutu wanga wagwira ntchito pompo. Ndola! Kulibe mpanda uwu ku Ndola! Makina anga ndingasokere paliponse.

Ine: "Mukanene kuti mukufuna Ndola. Musadikire kuti akufunseni."
Iwo: "Ukunena zoona?"
Ine: "Ndi mtima wanga wonse."

Tsiku lonse ndikupemphera ndikupalasa makina. Madzulo akulowa pachipata akuvina, tayi ili m'manja. Ntchito apata! Ayamba Lolemba. Za on ndi for sanawafunse n'komwe. Angomva kuti Ndola, basi, kuwagwira chanza.

Ndikululutira nkhope nditalozetsa kumpanda, kuti wina amve bwino. Nsanje yatha. Ndapambana ine!

Loweruka

Ndapempha makatoni kugolosale. Ndatsazika amayi pampopi, ena mpaka kuwakumbatira. Mbale zagalasi ndakulunga m'nyuzipepala. A Jere akundiyang'ana, akukanda m'mutu, akutsokomola popanda chifuwa. Kenako zikutuluka chimodzichimodzi:

Nyumba ya kampani kulibe.
Tisa alemba mayeso chaka chino, sangasinthe sukulu.
Makasitomala anga ali ku Chisokone, ndipo mpaka malipiro atsopano atuluke tikudya za makina.

Ndiye? Ndiye apita okha. Azibwera pa Loweruka, ntchito ikalola.

"Suja unati ndi mtima wako wonse?"

Ndinatero. Palibe anandikakamiza. Pakamwa pangapa!

Nanga azikagona kuti? Ati ndisavutike, zikukonzedwa. Ndikutulutsa mbale m'nyuzipepala. Pampopi sindipita mpaka anthu aiwale.

Lamulungu

Kutchalitchi a Jere aimirira kuthokoza Mulungu, "komanso mayi akunyumba, amene anandilimbitsa mtima pa za Ndola." Mpingo wonse wanditembenukira. Amayi Abusa akugwedeza mutu mondinyadira.

Masana Bana Mwansa wafika ndi nkhuku yophika m'mbale yovundikira. Ati malo ogona apezeka: mng'ono wake ali ndi chipinda chopanda munthu ku Ndola. Akundionetsa chithunzi pafoni. Mayo ine! Pa kukongola, mkulu wakeyu n'chiyani. Wosakwatiwa. Ntchito yake? Mphunzitsi wa Chizungu kusekondale.

"Usade nkhawa, mkazi mnzanga. Abalume besu, mwamuna wathuyu, akawasamala. Malipoti akuntchito aziwakonzera madzulo, timawu tonse tizikhala m'malo mwake."

Nayenso ndi mbuya. Ndaseka. Ndagwada, ndathokoza. Nkhuku ndadya, ndipo inali yokoma, zomwe zandikwiyitsa kwambiri.

Chikwama ndalongedza ndekha, monga mkazi wabwino: malaya othothoka kolala, buluku lotuwa m'maondo, juzi imene amavala popopera mankhwala a mphemvu. Zovala zabwino zonse ndaziviika m'beseni. Basi inyamuka m'mamawa, ndipo kunja kuli mitambo.