Maliro a ku sukulu ya mkaka

Ndikabwera m'tauni masiku ano sindidutsa pamsika wa Kapata. Ndimazungulira njira yaitali, chifukwa azimayi a pamenepo akangondiona amayamba kukodolana ndi kuseka. Ndikuuzani chimene ndinachita, koma musandifunse mafunso ambiri.

Sukulu ndinasiyira giredi 11 (zifukwa zake n'zanga). Nditakhala pakhomo nthawi yaitali ndikukangana ndi aliyense, azakhali anga anandipezera ntchito pa kasukulu ka mkaka ka Mayi Zulu, mnzawo wa kumpingo. Ine ana sindiwakonda. Amafunsa chinthu chimodzimodzi mpaka mutu kuwawa, ndipo mamina awo satha. Koma azakhali ananena poyera kuti ndikaitaya ntchito imeneyi andibweza kumudzi ku Madzimoyo kukalima mtedza, ndiye ndinapita.

Mayi Zulu anandipatsa ntchito imene ndinaiona ngati yopusa. Akuti nthawi ya masewera ndizikhala pakona, ndisalowerere, ndizingoyang'ana kuti ndani akusewera ndi ndani, ndani akutsogolera, ndani akungokhala yekha. Akuti kukula kwa mwana kumaonekera m'masewera ake. Ndinavomera, koma mumtima ndinati kuonerera mwana akudya mchenga si ntchito.

Lachinayi lina Mayi Zulu anapita m'tauni n'kundisiya ndekha ndi ana. Nditawatulutsira zidole ndi zitenje zakale zimene amasewera nazo, ndinakaima kuseri kwa chimbudzi, komwe netiweki imagwira bwino. Ndimati ndingoyankha meseji imodzi. (Sinali imodzi.)

Chimene chinandibweza ndi kulira. Osati kulira kolimbirana chidole ayi, koma kuja kokoka mawu, kumene timamva m'mudzi mukagwa zovuta. Ndinathamanga. Pakhomo la kalasi ndinapeza anyamata atakhala pamzere, atazolika, ali zii. M'kati atsikana anali pansi atatambalala, nsalu atamanga kumutu. Pakati pawo panagona munthu wofunditsidwa chitenje mpaka kumutu, kumapazi kukuoneka nsapato za Dalitso, kamnyamata konenepa kamene kanakhala kakutsokomola sabata yonseyo.

Taonga, kamtsikana ka zaka zinayi kamene kamalamulira kalasi yonse, kanandiyang'ana manja ali pamutu.

"Aticha, Dalitso watisiya."

Ndinaitana dzina lake. Sanagwedezeke. Ndinaitananso mokweza, koma kulira kwa anzake kunameza mawu anga. Munthu wanzeru akanangovundukula chitenjecho. Ine chibadwire sindinakhudzepo mtembo, ndiye sindinayerekeze kusendera. M'mutu munangobwera chifuwa chake chija, ndi apolisi akundifunsa kumene ndinali.

Ndinaimbira Mayi Zulu, sanayankhe. Apa m'pamene ndinachita chimene ngakhale wamisala sangachite: ndinaimbira amake Dalitso, amene amagulitsa tinsomba touma ta kapenta pa Kapata. Aliyense kwathu kuno amadziwa kuti uthenga wotere sauzidwa kwa mayi wa mwana mwachindunji. Amatuma munthu wamkulu, nayenso amayamba ndi zoti mwana sakupeza bwino, tiyeni kunyumba. Ine ndinangoti, "Amake Dalitso, mwana wanu wamwalira," n'kudula foni.

Sipanatenge nthawi. Ndinamva kulira kukuchokera kumsewu, kukuyandikira. Anafika pa njinga zonyamula anthu, amake Dalitso patsogolo opanda nsapato, kumbuyo kwawo pafupifupi mzere wonse wa ogulitsa kapenta ndi tomato, malonda atawasiya pamtetete. Anthu a nyumba zoyandikana ndi sukulu anatuluka. Bambo wina wodutsa anaima n'kuvula chipewa. Ana aja, ataona akuluakulu akulira zenizeni, anachita mantha n'kuyambanso kulira, ulendo uno ndi misozi.

Amake Dalitso anadzigwetsa pa mwana wawo n'kukoka chitenje. Dalitso anatsegula maso, kuyasamula, kenako n'kufunsa ngati amubweretsera chitumbuwa. Anali m'tulo. Anzake anamusankha kukhala womwalira chifukwa ndi iye yekha amene amatha kukhala phee nthawi yaitali, iye n'kungopitirira nazo.

M'kalasi kulira kunaleka. Kenako maso onse anatembenukira kwa ine. Sindibwereza zonse zimene ndinauzidwa (zina sizilembeka). Mayi wina anati ndikulaula mwana, wina anati andipime mutu. Amake Dalitso sanatukwane. Anangomukumbatira mwanayo, akumugwira masaya ngati sakukhulupirira, ndipo zimenezo zinandibaya kuposa matukwano onse.

Mayi Zulu anafika gulu lisanabalalike. Atapepesa kwa aliyense anawafunsa anawo bwinobwino, ndipo zinadziwika kuti sabata yapitayo kunali maliro pa nyumba yoyang'anizana ndi sukulu, iwo akuonerera pampanda. Anatengera zonse. Amuna panja, akazi m'nyumba, ndipo kamnyamata kena kanali katakonzeka kale kulalikira ndi buku la zithunzi za nyama. Mayi Zulu anandiuza motsitsa mawu kuti ndikanakhala pakona paja ndikanaona ana ang'onoang'ono akugawana maudindo okha popanda ndewu, chinthu chimene iwo akhala akulakalaka kuona chiyambire chaka. Atatero anandiuza kuti mawa ndisabwere.

Loweruka azakhali anandinyamulitsa nkhuku ndipo tinapita kukapepesa kwa makolo a Dalitso, poti kulengeza imfa ya munthu wamoyo si mlandu wothera pa pepani wa pakamwa. Ndinagwada pakhonde, nkhuku ikundiipitsira siketi, bambo ake a Dalitso akundifotokozera kuti achibale ena anali atakwera kale minibasi kuchokera ku Mtenguleni kubwera kumaliro. Ali m'kati molankhula, Dalitso anatuluka m'nyumba n'kudzandikoka dzanja.

"Aticha, mubwere Lolemba. Taonga wati ulendo uno mufe ndinu."

Lolembalo linandipeza ku Madzimoyo, khasu lili m'manja. Kumunda kuno nthawi yoganiza ndi yambiri. Azakhali amati ndiphunzirepo kuyang'ana kaye ndisanatsegule pakamwa. Ine ndaisinkhasinkha nkhaniyi mbali zonse, ndipo ndikuonabe kuti wolakwa ndi Taonga.